Mawu Oyankha Foni Akayamba Kudodoma: Kusintha Disiki ya Voicemail mu Ofesi

(NYIMBO YOTSEGULIRA, KENAKA ITSIKE PANG'ONOPANG'ONO)

WOULUTSA:  Lero tilowa m'kachipinda kamene ambiri amangokadutsa, kaja kosungiramo mafayilo akale, tsache ndi mipando yothyoka miyendo. Pakhoma m'menemo pamakhala bokosi limene mawaya onse a mafoni a mu ofesi amakathera. Mukaimba ku hotela, kuchipatala kapena ku kampani ya inshuwalansi anthu ataweruka, n'kumva mawu akukuuzani kuti mudine 1 kapena musiye uthenga, mawuwo akuchokera m'bokosi limeneli. Tsiku lina mawuwo amayamba kudodoma, kenaka amangoti zii. Ndili ndi bambo amene ntchito yawo ndi kukonza mafoni a m'maofesi. Takulandirani bambo.

MMISIRI: Zikomo mayi, ndathokoza pondiitana. Moni kwa onse amene akutimvera.

WOULUTSA: Tiyambire pa bokosilo. Ena amati switchboard, ena amati PBX. Nanga voicemail ili mbali iti?

MMISIRI: Bokosi lalikululo ntchito yake ndi kugawa mafoni: uyu apite ku akawunti, uyu kwa abwana, uyu adikire. Voicemail ndi kakompyuta kapadera. Pena kamakhala khadi lalikulu lolowetsa m'bokosimo, pena kamakhala kabokosi kakekake pambali. Ndikati kakompyuta sindikukokomeza ayi. Norstar Applications Module ya kampani ya Nortel inali kompyuta yeniyeni, yoyendera OS/2 ya IBM. Ma Stratagy oyambirira a Toshiba ankayendera DOS. Tsono kompyuta iliyonse imafuna posungira zinthu. Makina akale anali ndi hard disk, apambuyo pake anabwera ndi khadi la CompactFlash, ndipo atsopanoko ali ndi khadi la SD. Cisco inapanga zonse ziwiri pa Unity Express yake: AIM-CUE imasunga pa CompactFlash, NM-CUE imasunga pa hard disk.

WOULUTSA: Ndiye m'disikimo ndi mmene mumakhala mauthenga a anthu amene anaimba.

MMISIRI: Mauthenga alimo, koma ndi kagawo chabe. Muli pulogalamu yoyendetsa voicemail yonse. Muli mawu ojambulidwa kufakitale, aja owerenga manambala, masiku ndi nthawi. Muli malonje amene kampani inajambulitsa yokha, a masana, a usiku, a pa tchuthi, mwina m'Chichewa ndi m'Chingerezi momwe. Muli bokosi la mauthenga la wantchito aliyense ndi nambala yake yachinsinsi, komanso dongosolo la kumene foni ipite munthu akadina 2 kapena 0. Pa makina ena laisensi imamangidwanso pomwepo. Disiki ikafa zonsezi zimapita limodzi. Chitsulocho mutha kugula china. Koma mawu a mayi aja a pa reception amene anajambula malonje zaka khumi zapitazo, panopa anapuma ntchito ali kumudzi, mukawagula kuti?

WOULUTSA: Kodi imafa chifukwa chodzaza?

MMISIRI: Kawirikawiri ayi. Mawu a pafoni ndi opepuka kwambiri. Muyezo wa G.711, umene unakhazikitsidwa mu 1972, umadya mabayiti 8,000 pa sekondi imodzi. Ola lathunthu munthu akulankhula osapuma ndi mamegabayiti pafupifupi 29. Embedded Voicemail ya Avaya IP Office imasunga maola 15, ndipo mukawerengetsa pa muyezo umenewu simufika ngakhale theka la gigabayiti. Chimene chimapha disiki ndi kusapuma. Kompyuta ya pa desiki mumaizimitsa poweruka, iyi simuizimitsa. Chaka chili ndi maola 8,760. Zaka khumi ndi maola 87,600, mbale za m'kati zikungozungulira ka 4,200 kapena ka 5,400 pa mphindi iliyonse. Onjezani kutentha kwa mwezi wa October m'kachipinda kopanda zenera, fumbi litatseka fani. Zodabwitsa n'zakuti zimafika zaka khumizo.

WOULUTSA: Nanga makhadi aja, poti mulibe chozungulira?

MMISIRI: Nawo amatha, koma mwakachetechete. Pamene pamalembedwa zinthu m'khadi pali malire a maulendo amene mungalembe n'kufufuta. Voicemail imalemba ndi kufufuta tsiku lonse. Hard disk imayamba yalira, imakuchenjezani. Khadi limangodzuka tsiku lina likukana kulandira uthenga watsopano, kapena makina osalionanso n'komwe.

WOULUTSA: Tsono mlembi kapena mwini bizinesi amene sadziwa za mawaya angazindikire bwanji kuti zinthu zayamba kuipa?

MMISIRI: Khutu ndi lokwanira. Malonje akuyamba bwino kenaka akuduka pakati. Munthu wasiya uthenga, nyali ya pafoni yayaka, koma mukatsegula mukumva phokoso lokhalokha kapena mulibe kanthu. Pena nyali siikuzima ngakhale mwamvetsera zonse. Voicemail imene inkayankha foni ikaitana kawiri tsopano ikudikira mpaka woimbayo atopa. Magetsi akabwera, mafoni onse ayaka koma voicemail ikutenga nthawi yaitali kuposa kale. Ndipo mukayandikira bokosilo mukumva kuti kho, kho, kho, kapena kulira kopyapyala kosalekeza. Chizindikiro chimodzi chokha pa zimenezi, itanani mmisiri sabata yomweyo.

Koma nawonso amisiri anzanga ndiwachenjeze, musathamangire kuweruza disiki. Pawa sapulayi yotopa imabweretsa zizindikiro zofanana ndithu. Fani yoima imatenthetsa makina mpaka kusokonezeka. Kabatire kakang'ono ka pa bolodi kakatha, makina amaiwala nthawi, ndipo ena akale amaiwala ngakhale mtundu wa disiki imene ili m'kati mwawo. Yezani zimenezi kaye. Ndi zamanyazi kumugulitsa munthu disiki pamene vuto linali kabatire.

WOULUTSA: Ife tinazolowera kuti chipangizo chikavuta timazimitsa n'kuyatsanso.

MMISIRI: Apa pokha ayi, mayi, chonde. Mwaonapo madalaivala a minibasi zina zakale, pa siteji sazimitsa injini ngakhale mafuta akwere mtengo bwanji, chifukwa akudziwa kuti ikazima ifuna anthu okankha. Disiki yokalamba ili chimodzimodzi. Ikamazungulira imapitirira, koma ikaima n'kuzizira, mota yake imalephera kuidzutsanso. Ndiye ngati voicemail ikudodoma koma ikuyankhabe, imeneyo ndi nthawi yanu yopulumutsira zinthu. Musaiwononge pozimitsa dala.

WOULUTSA: Koma bambo, kuno kwathu magetsi amazima okha osatifunsa.

MMISIRI: N'chifukwa chake nkhani imeneyi kuno ndi yaikulu kuposa kumene makinawa anapangidwira. Kumbukirani January 2022, namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira. Dziko linataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo magetsi ankazima maola ambiri kwa miyezi yochuluka. Makina opangidwa kuti aziyaka chaka chonse osazima anayamba kuzima ndi kuyaka tsiku lililonse. Choopsa kwambiri ndi magetsi kuzima disiki ili m'kati molemba. Fayilo imatsala theka, ndipo ikakhala fayilo ya pulogalamu yeniyeniyo, makina sadzukanso ngakhale chitsulo chili bwinobwino. Jenereta payokha siithandiza, chifukwa pamakhala kamphindi magetsi atazima iyo isanalire. Pakufunika UPS pakati, yokhala ndi batire lamoyo. Ndimapeza ma UPS ambiri ali pansi pa tebulo, nyali ikuwala, koma batire linafa kalekale.

(NYIMBO YAIFUPI)

WOULUTSA: Ngati mwangotsegula kumene wailesi yanu, tikukamba za kusintha disiki kapena khadi losungira zinthu mu voicemail ya mafoni a mu ofesi. Bambo, mwati tipulumutse zinthu makina akadali moyo. Tipulumutsa bwanji?

MMISIRI: Njira zilipo ziwiri, ndipo anthu amazisokoneza. Yoyamba ndi backup imene makinawo amapereka okha kudzera m'pulogalamu yake yowayendetsera. Imeneyi imatenga mabokosi a antchito, dongosolo la mafoni, malonje, ndipo pa makina ena mauthenga omwe. Pangani imeneyi poyamba, makina akuyaka, musanagwire sikulu ngakhale imodzi. Koma dziwani kuti nthawi zambiri backup yotereyi siitenga pulogalamu yoyendetsa makinawo. Mukaika disiki yatsopano yopanda kanthu, backup yanu ilibe pofikira.

Yachiwiri ndi kukopera disiki yonse monga ilili, kuyambira poyamba mpaka pothera, osasankha mafayilo. Amisiri timati clone kapena image. Imeneyi imatenga ngakhale zinthu zimene diso siliona, monga kagawo koyambirira kamene kamauza makina mmene adzukire. Mukangokoka mafayilo ndi mausi kuchoka uku kupita uko, kagawo kameneko kamatsala, ndipo disiki yatsopano siidzutsa makina.

WOULUTSA: Kukopera kotereku kumafuna zida zodula?

MMISIRI: Ayi. Kompyuta wamba, adaputa yolumikizira disiki yakale ku USB, ndi mapulogalamu aulere. Disiki ikakhala yabwinobwino, Clonezilla kapena dd ya pa Linux imakwanira. Ikakhala yodwala, ine ndimakhulupirira GNU ddrescue. Nzeru yake ndi yakuti imayamba yatenga malo onse owerengeka mosavuta, ikafika povuta imadumpha, kenaka n'kubwereranso kukalimbana ndi povutapo. Imalembanso pamene yafika, ndiye ntchito ikaduka mumapitiriza pomwepo. Mapulogalamu ena akakumana ndi malo owonongeka amakakamira pomwepo mpaka disiki kufera m'manja.

Pali msampha umodzi umene wagwetsa ambiri. Mukalumikiza disiki ya voicemail ku kompyuta ya Windows, nthawi zambiri Windows siizindikira kalembedwe kake, ndiye imatulutsa uthenga wofunsa ngati mukufuna kuifomata kapena kuikonza kuti iyambe kugwira ntchito. Yankho ndi ayi. Mukavomera mwalemba pamwamba pa chinthu chimene mumafuna kupulumutsa. Chinanso, poyamba kukopera yang'anani kawiri kuti disiki yochokera ndi iti, yolandira ndi iti. Mukatembenuza, mwakopera disiki yopanda kanthu pamwamba pa yakale, ndipo palibe pobwerera.

WOULUTSA: Ndiye kope limeneli mukalitenga mumalisunga kuti?

MMISIRI: Pawiri. Lina pa kompyuta ya mu ofesi, lina kunja kwa nyumbayo. Ndipo mwini wake ndi kampani, osati mmisiri. Eni mabizinesi, funsani kope lanu. Mmisiri amasamuka, amasintha nambala, amamwalira.

Ndionjezepo kanthu kamene sikafuna luso lililonse. Lero lomwe, imbani nambala ya ofesi yanu ndi foni yam'manja, mumvetsere malonje onse, muwajambule, ndipo mulembe papepala kuti 1 amapita kwa yani, 2 kwa yani, usiku foni imathera kuti. Zonse zikakanika, pepala limenelo limachepetsa ntchito ya masiku kukhala ya masana amodzi.

WOULUTSA: Tifike pogula. Ndingolowa m'shopu ya makompyuta ku Limbe kapena ku Area 2 n'kunena kuti ndikufuna hard disk?

MMISIRI: Adzakupatsani ya SATA, ndipo pa makina akale siilowa. Ma voicemail ambiri akale amagwiritsa ntchito IDE, imene ena amaitcha PATA. Yaikulu ili ndi mapini 40 ndi chingwe cha magetsi chapadera. Yaing'ono, ya mtundu wa laputopu, ili ndi mapini 44, magetsi amadzera momwemo. Mafakitale anasiya kalekale kupanga zimenezi, ndiye imene akugulitseni kuti ndi yatsopano mwina yakhala pa shelefu zaka zoposa khumi, mwinanso anaichotsa m'laputopu yakufa n'kuipukuta. Kuika yoteroyo ndi kungosuntha tsiku la vuto.

Mwayi wathu ndi CompactFlash. SanDisk inatulutsa khadi limeneli mu 1994, ndipo analipanga kuti lizitha kulankhula ndi makina monga disiki ya IDE. Ndiye ndi kaadaputa kotchipa, kopanda nzeru zilizonse m'kati, kongolumikiza mapini 50 a khadi ku mapini 40 kapena 44 a makina, khadilo limalowa m'malo mwa hard disk. Palinso tina timene timatchedwa Disk on Module, tongobaya pa bolodi popanda chingwe. Zonsezi sizilira, sizitentha kwambiri, ndipo sizimva kugwedezeka.

WOULUTSA: Ndiye ndigule lalikulu kwambiri kuti ndisadzavutikenso.

MMISIRI: Apo ndiye mwadziputira mavuto. Makina akale ali ndi malire a kukula kwa disiki imene angaione. Akalekale amathera pa mamegabayiti 528. Ena pa magigabayiti 8.4, ena pa 137. DOS yakale siidutsa magigabayiti 2 pa gawo limodzi la disiki. Mukaika khadi la magigabayiti 64 m'makina otero, ena amangoima osadzuka. Ndipo ngakhale adzuke, maola osungira mauthenga nthawi zambiri saonjezeka, chifukwa amene amalamula maolawo ndi pulogalamu kapena laisensi, osati kukula kwa khadi. Gulani lofanana ndi disiki yakale kapena lokulirapo pang'ono. Locheperapo ayi, ngakhale ndi pang'ono pokha, chifukwa kope lija silikwana. Makhadi awiri olembedwa kukula kofanana pachikuto amatha kusiyana pang'ono m'kati.

Chachiwiri, khadi la kamera ndi khadi la makina ndi zosiyana. La kamera limadziuza lokha kwa makina kuti ndine wochotsedwachotsedwa, ndipo mapulogalamu ena akale amakana kudzukira pa loterolo. Lolembedwa kuti industrial kawirikawiri limadzionetsa ngati disiki yokhazikika. Komanso funsani la mtundu wa SLC. Limapirira kulemba ndi kufufuta maulendo pafupifupi 100,000 pamalo amodzi, pamene la MLC limathera pa masauzande ochepa chabe. Ndi lodula, inde. Koma makinawa mukufuna kuwatseka n'kuwaiwala zaka zambiri.

WOULUTSA: Ndipo pamsika pali makhadi achinyengo.

MMISIRI: Ambiri zedi. Chikuto chokongola, dzina la kampani yodziwika, koma m'kati muli malo ochepa kuposa amene alembedwa. Limalandira zinthu mwaulemu mpaka malo enieniwo atatha, kenaka limayamba kutaya kapena kulemba pamwamba pa zakale osanena kanthu. Pali mapulogalamu aulere monga H2testw ndi F3 amene amadzaza khadi lonse n'kuwerenganso kuti aone ngati ndi loona. Yesani khadi lililonse musanaliike m'makina a kasitomala.

(NYIMBO YAIFUPI)

WOULUTSA: Womvera wina watumiza uthenga. Akuti ku ofesi kwawo ali ndi Avaya IP Office, khadi la SD linavuta, anagula lina m'shopu, anakopera mafayilo onse, koma makina akukanabe. Walakwitsa pati?

MMISIRI: Funso labwino, chifukwa zimene ndanena za kukopera sizigwira pa makina onse. IP Office ya mtundu wa IP500 V2 ili ndi malo awiri olowetsera makhadi kumbuyo, ena olembedwa System SD, ena Optional SD. Khadi la System SD si khadi wamba. Lili ndi nambala yakeyake, yolembedwanso pa chikuto chake, ndipo malaisensi onse a makinawo amamangidwa pa nambala imeneyo. Mafayilo mungakopere, koma nambalayo siikopereka. Ndiye khadi latsopano liyenera kukhala la Avaya lenileni, kudzera kwa ogulitsa ovomerezeka, ndipo iwo ndi amene amakuthandizani kusamutsa malaisensi kuchoka pa nambala yakale kupita pa yatsopano. Lembani nambala ya khadi lanu lero, likadali lowerengeka.

Musanagule, yesani kaye izi. Ngati chawonongeka ndi mafayilo osati khadilo, m'pulogalamu yoyendetsera makinawo ya Manager muli lamulo lotchedwa Recreate IP Office SD Card, limene limabwezeretsa mafayilo a makinawo pa khadi lomwelo. Ndipo khadi silisololedwa chisololesolole makina akuyaka. Mumayamba mwaliimitsa kudzera mu Manager kapena System Status, n'kudikira kanyali kake kazime.

Chomaliza ndi chofunika kwa ife amene timaitanitsa katundu kunja. Makhadi amenewa alipo a A-law ndi a mu-law. Ndi njira ziwiri zosinthira mawu kukhala manambala pansi pa G.711 yomwe ija. Mu-law ndi ya ku North America ndi Japan, A-law ndi ya ku Ulaya, kuno ku Africa ndi madera ena ambiri. M'bale wanu wa ku America akakugulirani khadi lotchipa kumeneko, mosakayika likhala la mu-law, ndipo makina adzadzuka ndi makhalidwe a kumeneko, inu n'kuyamba kukonza chimodzichimodzi. Poitanitsa nenani kuti A-law.

WOULUTSA: Tsono zonse zili m'manja: backup, kope, khadi loyenera. Tsiku losinthalo limayenda bwanji?

MMISIRI: Mudabwa, chifukwa ndilo gawo lalifupi. Sankhani Loweruka masana kapena madzulo anthu ataweruka. Auzeni antchito pasadakhale kuti amvetsere mauthenga awo ndi kulemba ofunika. Zimitsani makina mwadongosolo kudzera m'pulogalamu yake, kenaka zulani pulagi. Musanachotse chingwe chilichonse jambulani chithunzi ndi foni. Valani kalamba kapadzanja kochotsa magetsi a m'thupi, makamaka m'chilimwe mpweya ukakhala wouma, paja mukagwira chitseko cha galimoto chimakulumani. Kamoto kameneko n'kokwanira kupha bolodi. Chingwe cha IDE chili ndi mzere wofiira mbali imodzi, umenewo umapita ku pini 1. Pa cha mapini 44 mukatembenuza, magetsi amalowa polakwika ndipo mutha kuwotcha khadi. Onani kajampa ka master ndi slave kakhale monga kanalili pa disiki yakale. Khadi la CompactFlash musalikakamize, timapini take timapindika msanga. Mangani adaputa kuti isalendewere n'kukhudza chitsulo. Yatsani, kenaka khalani pansi mudikire. Makina ena amatenga mphindi khumi kapena kuposerapo, ndipo amene amazula pulagi chifukwa chosaleza mtima amawononga ntchito imene anaimaliza kale.

WOULUTSA: Akayaka ndiye kuti mwamaliza.

MMISIRI: Kuyaka kwa nyali si umboni. Tulukani panja, imbani ndi foni yam'manja monga kasitomala. Dinani nambala iliyonse muone kumene ikukufikitsani. Siyani uthenga wautali ndithu, muone ngati nyali yayaka pa foni yoyenera, mvetserani mpaka kumapeto, fufutani, muone ngati nyali yazima. Imbani mafoni awiri kapena atatu nthawi imodzi, chifukwa khadi lochedwa limaonekera pamenepo. Onani tsiku ndi nthawi, apo ayi malonje a usiku azilankhula masana. Kenaka zimitsani mwadongosolo n'kuyatsanso kamodzi inu mukadali pompo, kuti mutsimikize kuti adzadzuka okha Lolemba.

Ndipo ngati mwaika pulogalamu mwatsopano m'malo mokopera, nambala zachinsinsi zonse zabwerera ku za kufakitale, zija za 0000 kapena 1234 zimene aliyense angazipeze pa intaneti. Pali akuba amene ntchito yawo ndi kusaka ma voicemail otero. Amalowa m'bokosi la munthu usiku, n'kulikonza kuti liziimba mafoni akunja pa bilu ya kampani. Sinthani nambalazo tsiku lomwelo, ndipo ngati palibe chifukwa choti voicemail iziimba kunja kwa dziko, tsekani njira imeneyo.

WOULUTSA: Disiki yakaleyo titaye?

MMISIRI: Isungeni kaye m'kabati yokhoma kwa mwezi umodzi kapena iwiri, mutalembapo tsiku, mwina china chake chinatsalira. Ikatha nthawiyo iwonongeni, ibooleni ndi dirilo. M'menemo muli mawu a anthu. Ngati ndi kuchipatala, muli odwala akufotokoza matenda awo. Ngati ndi kwa maloya, muli milandu. Ngati ndi kobwereketsa ndalama, muli anthu akupepesa ngongole, atatchula maina ndi manambala awo. Malawi tsopano ili ndi lamulo loteteza zinsinsi za anthu, Data Protection Act ya 2024, ndipo kampani imene inasonkhanitsa mawuwo ndi imene ili ndi udindo. Disiki yoteroyo siyoti ikapezeke pa benchi ya okonza mafoni kumsika. Kope lija munasunga nalonso muli zomwezo, lisamangoyenda pa flash ya aliyense.

WOULUTSA: Ndikufunseni mosabisa, bambo. Masiku ano makasitomala ambiri amaimba pa foni yam'manja kapena kulemba pa WhatsApp. Kodi n'koyenera kuwonongera ndalama makina okalamba chonchi?

MMISIRI: Pena n'koyenera, pena ayi, ndipo mmisiri woona amakuuzani ngakhale zimulande ntchito. Yang'anani amene anapanga makinawo ali kuti. Nortel inagwa mu January 2009, ndipo gawo lake la mafoni a m'maofesi linagulidwa ndi Avaya kumapeto kwa chaka chomwecho. Toshiba inasiya bizinesi imeneyi mu 2017, zotsala zake zinapita ku Mitel. Panasonic, imene mabokosi ake ali m'maofesi ambiri, inalengeza mu 2020 kuti ikusiya kupanga ma PBX. Ndiye pa makina ambiri amene tikukamba, zida zosinthira ndi zakale zokhazokha, ndipo amisiri ozidziwa akuchepa chaka ndi chaka.

Ine ndimaona chonchi. Hotela ya zipinda makumi angapo, mawaya ali kale m'makoma, mafoni onse akugwira ntchito, chavuta ndi disiki yokha: sinthani disiki. Mtengo wa khadi ndi adaputa sungafanane ndi wogula mafoni atsopano a chipinda chilichonse. Koma kaofesi ka anthu asanu kamene voicemail yake imalandira uthenga umodzi pa sabata, kapena makina amene chaka chino afa pawa sapulayi, chaka chatha anafa khadi la malaini, pamenepo ndalamazo ziyambe kupita ku makina atsopano. Pali Asterisk, imene Mark Spencer anayamba mu 1999, yaulere, imayenda pa kompyuta wamba ndipo imatha kutumiza uthenga wa mawu ku imelo. Palinso makampani amene amakusungirani zonse pa intaneti, ngakhale kuti pamenepo foni yanu imadalira intaneti ya pamalopo, ndiye muyambe mwaiyeza.

Ngakhale mutasankha kugula atsopano, kusintha disiki kumakupatsani mpata wosankha modekha, m'malo mogula chilichonse chimene chapezeka chifukwa mafoni ali chete ndipo abwana akukalipa.

WOULUTSA: Nanga amene disiki yawo inafa kale, alibe backup, alibe kope?

MMISIRI: Asaitsegule, asaimenye, asaiike mufiriji monga ena amanenera. Ayesetse kaye ddrescue kamodzi, pena imatulutsa zambiri kuposa mmene munthu amayembekezera. Zikakanika, pulogalamu yoyendetsa makina itha kupezeka kwa ogulitsa zida zakale, amene amagulitsa disiki kapena khadi loikidwa kale pulogalamuyo. Poitanitsa atchule dzina lenileni la makina, nambala ya pulogalamu imene inalimo, ndi chiwerengero cha malaini a voicemail, chifukwa pulogalamu ya voicemail iyenera kugwirizana ndi ya bokosi lalikulu lija. Afunsenso ngati manambala a laisensi amene anali nawo agwira pa disiki yatsopanoyo. Manambala amenewo nthawi zambiri amakhala pa pepala limene linabwera ndi makina, kapena pa kastika m'kati mwa chivindikiro. Mabokosi a antchito adzawapanga mwatsopano limodzilimodzi, malonje adzajambulanso. Mauthenga akale okha ndi amene sabwerera.

 



WOULUTSA: Nthawi yatithera. Omvera athu, mafunso amene sitinawayankhe lero tidzayamba nawo sabata yamawa, nthawi ngati yomweyi. Tsalani bwino.

(NYIMBO YOTSEKERA)